Bokosi la NAS likafa, mafayilo mungawatulutse bwanji m'madisiki ake?

Mvula yoyamba ya chaka chatha inabwera ndi mphenzi, ndipo kutacha mnzanga wina wojambula zithunzi za maukwati anandiimbira foni mawu akunjenjemera. Kabokosi kake kakuda kosungiramo zithunzi, kamene kankakhala pansi pa tebulo pafupi ndi rauta, kanangoti zii. Getsi silikuyaka, fani siikuzungulira. Mkatimo munali maukwati a zaka zinayi, kuphatikizapo wa Loweruka lapitalo umene eni ake anali asanaone ngakhale chithunzi chimodzi. "Achimwene, ndatulutsa disiki imodzi ndaiika pa laputopu, ndiye ikundifunsa kuti ndiifomate. Ndivomere?" Ndinakuwa ngati ndaona mwana akuseweretsa lumo.

Ankanena za NAS, kabokosi kolumikizidwa ku rauta kamene makompyuta ndi mafoni a m'nyumba kapena mu ofesi amasungiramo zinthu pamodzi. Kakafa, mwini wake amangoti basi zonse zapita. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Mafayilo amakhala m'madisiki a mkatimo, ndipo mphenzi kapena magetsi obwera mwamphamvu kawirikawiri amapha adaputa kapena bolodi n'kusiya madisiki ali bwinobwino. Chimene chimamaliza zithunzi za anthu ambiri ndi zimene mwini wake amachita m'maola awiri otsatira, mtima uli m'mwamba.

Chifukwa chake Windows imaona ngati disiki ilibe kanthu

NAS ndi kakompyuta kathunthu, ndipo pafupifupi onse ogulitsidwa m'masitolo, kaya a Synology, QNAP, Asustor, Buffalo, Netgear kapena Western Digital, amayendera Linux. Pa kalembedwe ka mafayilo m'disiki, Windows imawerenga NTFS, FAT32 ndi exFAT. Mac ili ndi APFS ndi HFS+. NAS imalemba mu ext4, Btrfs, XFS kapena ZFS, zilankhulo zimene Windows siizimva. Ikakumana ndi disiki yotere mwina siionetsa n'komwe, mwina imati yawonongeka n'kukupemphani kuti muifomate. Mac nayo imatulutsa uthenga wofanana, ndi batani lolembedwa Initialize. Mabatani onsewa musawakhudze.

Vuto silithera pa chilankhulo chokha. Mafayilo a mu NAS amamangidwa ngati katundu wa pa basi ya ku Joni: nsapato zili m'pepala, pepala m'katoni, katoni m'chithumba chosokedwa pakamwa. Tengani Synology. Disiki iliyonse imadulidwa magawo. Loyamba, laling'ono, muli DSM, pulogalamu yoyendetsa bokosilo. Lachiwiri, la 2 GB, ndi lothandizira memore. Lalikulu lotsalalo ndilo la mafayilo anu. Magawo aakuluwa a madisiki onse amalumikizidwa kukhala chinthu chimodzi ndi RAID, luso logwirizanitsa madisiki angapo, ndipo ya Linux imatchedwa md. Pamwamba pake nthawi zambiri pamakhala LVM, imene imagawa malowo m'zipinda zotchedwa mavoliyumu, ndipo pamwamba pa LVM ndi pamene pali ext4 kapena Btrfs. Kuti mufike pa chithunzi cha mkwatibwi muyenera kumasula zonsezi motsatana. Chotonthoza n'chakuti zomangirazi si zachinsinsi. Ngakhale SHR, mtundu wa RAID umene umamveka ngati luso la Synology yokha, pansi pake ndi md ndi LVM basi.

Mtundu wa RAID ndi umene ukuuzeni kuti mukufunika madisiki angati amoyo. Pa RAID 1 madisiki awiri amakhala ngati mapasa, imodzi yokha ikukwanirani. Pa RAID 5 mutha kutaya imodzi, kotero mwa inayi mufunika itatu, yonse yolumikizidwa nthawi imodzi. RAID 6 imapirira kutaya iwiri. SHR wamba imapirira imodzi. Koma RAID 0 imadula fayilo iliyonse tizidutswa n'kumwaza pa madisiki onse, ndiye imodzi ikafa palibe chotola.

Musanasankhe njira

Zimitsani bokosi, lizuleni pakhoma. Musanatulutse disiki iliyonse ilembeni nambala ndi maka, 1, 2, 3, monga mwa mpata umene inali. RAID ya Linux imalemba yokha dongosolo limeneli m'disiki iliyonse, koma zolembazo zikawonongeka, nambala za maka zija ndi zimene zidzakuthandizeni.

Kenako tcherani khutu. Disiki yamoyo ikalandira magetsi imazungulira ndi kamkokomo kosalala. Ikamati tiki-tiki-tiki, kapena kulira ngati supuni ikukhula poto, izimitseni pompo ndipo mukawerenge njira yomaliza m'munsimu. Mphindi iliyonse imene disiki yotere ikuzungulira, kamutu kake kowerengera kakukanda pamene pali mafayilo anu.

Pezaninso disiki ina yokwanira bwino yoti muikemo zimene mupulumutse. Pa madisiki ochokera mu NAS simulembapo kanthu, mukungowerenga.

Kudzutsa bokosi lomwelo

Njira imeneyi anthu amaidumpha, komatu ndiyo yotchipa kuposa zonse. Ma NAS ang'onoang'ono ambiri amadya magetsi a 12V kudzera pa adaputa yakunja yonga ya laputopu, ndipo kwathu kuno kumene magetsi amathima ndi kubwera osagogoda, adaputa ndiyo imayamba kufa. Wokonza mawailesi aliyense ali ndi mita, akuyezerani m'mphindi imodzi. Mukamagula ina, mavoti afanane ndendende, ma ampere akhale ofanana kapena ochulukirapo. Ma NAS ena a madisiki anayi ali ndi mutu wa mapini anayi, ndipo adaputa yooneka mofanana ikhoza kukhala ndi mawaya olumikizidwa mosiyana. Mukangoibaya mwachisawawa mupsereza bolodi imene inali yabwino.

Palinso imfa ina yodziwika. Mu 2017 zinaululika kuti mapurosesa a Intel Atom C2000 ali ndi chilema chochititsa makina kukana kuyaka akagwira ntchito kwa nthawi. Ma Synology monga DS415+, DS1515+ ndi DS1815+ anali ndi purosesa ya m'banja limeneli, ndipo ambiri anadzutsidwa powotcherera karesisita ka 100 ohm pa bolodi. Bokosi likadzuka chonchi musaliyese lachira. Koperani zonse tsiku lomwelo.

Kuika madisiki m'bokosi lina la kampani yomweyo

Ngati ndalama zilipo, iyi ndiyo njira yosatopetsa. Madisiki a Synology mukawaika mu Synology ina, bokosi latsopano limawazindikira n'kukufunsani ngati mukufuna kusamuka ndi mafayilo anu. Mukavomera, mafoda, maakaunti ndi makonzedwe ambiri amabwerera mmene analili. QNAP ilinso ndi njira yotere pakati pa mabokosi ake. Simulemba lamulo ngakhale limodzi, ndipo pamapeto pake muli ndi NAS yogwira ntchito, chimene njira zinazi sizikupatsani.

Misampha yake ndi itatu. Bokosi la kampani ina silisamutsa; limaona madisikiwo ngati atsopano n'kuwafufuta. Ngakhale m'kampani yomweyo si bokosi lililonse limene lingalandire madisiki anu: ma Synology ena otchipa sadziwa Btrfs, choncho yang'anani pa tsamba la kampaniyo musanagule. Wachitatu ndi umene ine umandidetsa nkhawa kwambiri. Kusamuka kumalemba pa madisiki. Bokosi latsopano limaikamo pulogalamu yake, ndipo likaona kuti RAID ili ndi vuto limakukopani kuti muikonze. Kukonza RAID 5 kumafuna kuwerenga madisiki otsala onse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kwa maola ambiri. Madisiki ogulidwa tsiku limodzi amakalambanso limodzi, ndiye wachiwiri akagwa pakati pa ntchitoyo mwataya zonse. Koperani kaye, kukonza kubwere pambuyo.

Palinso nthawi. NAS si chinthu chopezeka m'sitolo iliyonse ya makompyuta ku Blantyre, Lilongwe kapena Chipata. Kuitanitsa ku South Africa kapena kudzera mwa m'bale wa ku UK ndi nkhani ya masabata, kuwonjezera msonkho wa pa boda ndi kusaka ndalama zakunja. Mnzanga uja analibe masabata, apongozi a mkwati anali atayamba kale kuimba foni.

Kompyuta ya Linux

Apa ndi pamene ndikhalitse, chifukwa kwa anthu ambiri iyi ndiyo njira yoyenera. Madisiki analembedwa ndi Linux, choncho Linux ndiyo ingawawerenge m'chilankhulo chawo, ndipo ndi yaulere.

Simufunika kuchotsa Windows. Mumatsitsa Ubuntu, n'kuilemba pa fulashi ndi kapulogalamu ngati Rufus kapena balenaEtcher, n'kuyatsa kompyuta kuchokera pa fulashiyo. Pamabwera mabatani awiri, lina loyesa Ubuntu, lina loiika pa kompyuta. Sankhani loyesa, lolembedwa Try Ubuntu. Linalo likhoza kufufuta disiki, ndipo mwina disiki yake n'kukhala yomwe mukufuna kupulumutsayo.

Kulumikiza madisiki ndi kumene kumavuta kuposa malamulo. Kompyuta ya pa desiki yokhala ndi mapoti a SATA okwanira ndiyo yabwino: disiki iliyonse chingwe chake cha data ndi cha magetsi. Desikitopu yakale imene ili m'stoo ya ofesi imagwira bwino ntchito imeneyi. Pa laputopu mufunika adaputa ya USB, ndipo kumbukirani kuti madisiki aakulu a mainchesi 3.5 amafuna 12V, pamene USB imapereka 5V yokha. Kachingwe kopanda adaputa yakeyake yamagetsi kamangokwanira timadisiki ta laputopu ta mainchesi 2.5. Tizibokosi tina ta USB timasinthanso kukula kwa masekita (tizigawo ting'onoting'ono ta disiki), disiki ya masekita a mabayiti 512 n'kumaoneka ngati ya 4096, ndiye magawo onse amasokonekera. Disiki imene mukudziwa kuti ndi yabwino ikamaoneka yopanda magawo, yesani adaputa ina musanayambe kulira.

Ubuntu ikayaka, lumikizani intaneti, ngakhale ya pa foni, kuti muike mapulogalamu awiri ang'onoang'ono, mdadm ndi lvm2. Lamulo la lsblk likuonetsani madisiki ndi magawo ake. Lamulo la mdadm --assemble --scan limasonkhanitsa RAID potsatira zolembedwa m'madisikimo, ndipo cat /proc/mdstat ikuuzani ngati zatheka. Kenako vgchange -ay imadzutsa LVM, ndipo lvs ikupatsani dzina la voliyumu. Pa Synology limakhala longa /dev/vg1000/lv kapena /dev/vg1/volume_1. Pomaliza mumaitsegula ndi mount, mutawonjezera -o ro, kutanthauza kuwerenga kokha. Ngati ndi ext4 lembani -o ro,noload kuti Linux isayese n'komwe kumalizitsa zimene zinatsala magetsi atathima. Mafoda anu aja amangotulukira ndi maina ake enieni.

Lamulo limodzi liopeni ngati njoka: mdadm --create. Pa intaneti pali malangizo ambiri olimbikitsa lamuloli RAID ikakana kusonkhana. Limalemba zizindikiro zatsopano pamwamba pa zakale, ndipo mukalakwitsa dongosolo la madisiki kapena nambala imodzi, mwafufuta mapu okhawo amene analipo. Chimodzimodzi fsck ndi btrfs check --repair. Izi ndi zokonzera, ndipo kukonza n'kulemba.

Synology yokha inalemba malangizo a njira imeneyi pa tsamba lake, ndipo amatchula Ubuntu 18.04. Zimaoneka zodabwitsa kuuzidwa kugwiritsa ntchito chinthu cha 2018, koma chifukwa chilipo: Btrfs ya Synology ili ndi zowonjezera zake, ndipo ma Linux atsopano nthawi zina amaikana n'kumati yawonongeka pamene ili bwinobwino. Ikakana pa Ubuntu watsopano, yesani wakaleyo musanaganize zoipa. Amakomeranso bandulo, chifukwa fayilo yake ndi pafupifupi 2 GB basi. Malangizo omwewo amachenjeza kuti njirayi si ya voliyumu imene inali ndi SSD yothandizira kulemba, chifukwa zina zimene munasunga zingakhale zinatsalira mu SSD osafika pa madisiki.

Pokopera gwiritsani ntchito rsync m'malo mokoka mafoda ndi mausi, chifukwa ikadukiza imapitiriza pamene inalekezera. Werengeraninso nthawi. Mafayilo a 3 TB pa liwiro la 100 MB pa sekondi amatenga maola opitirira 8. Pa doko lakale la USB 2.0, limene limayenda pafupifupi 35 MB pa sekondi, ndi usana ndi usiku wathunthu. Batire la laputopu lisakunamizeni: madisiki akudya magetsi a pakhoma, ndipo akathima amazima pakati pa ntchito. Ikani zonse pa invertor kapena UPS.

Disiki ikakhala yodwaladwala, yowerengeka koma mochedwa kapena moponya zolakwika, musakopere mafayilo mwachindunji. Yambani mwaijambula yonse pa disiki ina yofanana kapena yokulirapo ndi GNU ddrescue. Kapulogalamu kameneka kamayamba katola malo osavuta, n'kubwerera pa ovuta pambuyo, ndipo kamasunga fayilo yokumbukira pamene kafika. Zitha kutenga masiku awiri kapena atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukatha, disiki yodwala ija muisunge m'kabati, ntchito yonse muchitire pa kopeyo. Mukalakwitsa pa kope mumangojambulanso.

Kuipa kwa njirayi n'koonekeratu: muyenera kulemba malamulo pa sikirini yakuda, ndipo kusokoneza sdb ndi sdc (maina amene Linux imapatsa madisiki) pa ddrescue kumatanthauza kujambula disiki yopanda kanthu pamwamba pa ya mafayilo. Ngati simunagwirepo Linux, itanani wodziwa akhale pambali panu, ndipo mumufunse mawu amodzi asanayambe: "Mutsegula mowerenga kokha?" Akazengereza kuyankha, funani wina.

Mapulogalamu a pa Windows

Kwa amene sikirini yakuda imawaopsa, pali mapulogalamu amene amachita ntchito yomweyo ndi mausi. UFS Explorer, R-Studio ndi ReclaiMe ndi odziwika kwambiri. Amazindikira md ndi LVM okha, amaonetsa mafoda ngati mmene Windows imaonetsera, ndipo salemba kanthu pa disiki imene akuwerenga. Pamene Linux wamba yagonja, mwachitsanzo zizindikiro za RAID zitafufutika kapena munthu atavomera kale kufomata, mapulogalamuwa amatha kusanthula disiki yonse n'kulumikizanso zidutswa. Apa amaposa Linux kutali.

Ndi ogula, ndipo amalipiridwa m'madola kapena mayuro pa khadi, chimene kwa ambiri a ife ndi phiri palokha. Chabwino chake n'chakuti ali ndi mtundu woyesa umene umakuonetsani mafayilo onse koma osalola kukopera, kapena kungolola ting'onoting'ono tokha. Gwiritsani ntchito mwayi umenewu mokwanira: tsegulani zithunzi zingapo muone ngati zikuoneka zathunthu, kenako mulipire. Onaninso kuti mtundu umene mukugula ndi wodziwa RAID, chifukwa wotchipitsitsa nthawi zina umangowerenga disiki imodzi. DiskInternals Linux Reader ili ndi mtundu waulere wowerenga ext4, ndipo pa NAS ya disiki imodzi yosavuta ikhoza kukukwanirani.

Ma kope obedwa a mapulogalamuwa amene amazungulira pa mafulashi asiyeni. Kuika pulogalamu yosadziwika kumene yachokera pa kompyuta imene mwalumikizako kope lokhalo la mafayilo anu n'kuitana fisi kudzalondera mbuzi.

Windows 11 ili ndi WSL, kachipinda ka Linux mkati mwa Windows, ndipo lamulo la wsl --mount limatha kulowetsamo disiki. Pa disiki imodzi ya ext4 zimatheka. Pa RAID ine sindingavutike nazo. Fulashi ya Ubuntu imafika msanga. PhotoRec, yaulere, imatola mafayilo ngakhale pa disiki yosokonezeka kwambiri, koma imawabweza opanda maina ndi mafoda. Tangoganizani zithunzi zikwi makumi asanu za maukwati osiyanasiyana zitathiridwa mu foda imodzi. Ndi yogwiritsa ntchito zina zonse zikakanika.

Akatswiri a labu

Disiki yogogoda, yosazungulira n'komwe, kapena yonunkha kupsa ndi ya akatswiri okhala ndi chipinda chopanda fumbi ndi zida zosinthira timitu towerengera. Mpata wa pakati pa kamutu ndi mbale ya disiki ndi wochepa kwambiri kuposa kanthu kamodzi ka fumbi, choncho wokonza mafoni wa pamsika, ngakhale waluso chotani, asatsegule chivundikiro chake. Zoiika mufiriji kapena kuimenya pang'ono ndi nthano zimene zapha madisiki ambiri. Malabu otere aliko ku Johannesburg ndi Cape Town. Mtengo wake umaposa kutali wa NAS yatsopano, ndipo pa RAID amawerengera madisiki onse. Funsani ngati amayeza kaye n'kukuuzani mtengo, ngati mumalipira ntchito ikakanika, ndiponso ngati akutumizirani mndandanda wa mafayilo opulumuka musanalipire. Potumiza, tumizani madisiki onse ndi nambala zake zija.

Dzina la pa bokosi limasintha zonse

Zimene ndafotokozazi zimayenda bwino pa Synology, Asustor, Buffalo, imene imakonda XFS, ndi ma Netgear ReadyNAS a OS 6, amene amaika Btrfs pamwamba pa md. Ma NAS odzipangira nokha ndi osavuta kuposa apa. Pa Unraid disiki iliyonse ya data imadziimira payokha, mutha kuitulutsa n'kuiwerenga pa Linux iliyonse. TrueNAS imagwiritsa ntchito ZFS, imene imatseguka pa makina ena ndi zpool import, mutawonjezera -o readonly=on. Disiki yongobayidwa ku doko la USB la rauta nthawi zambiri imakhala ya NTFS kapena FAT32, Windows imaiwerenga popanda mwambo. Ya mu Time Capsule ya Apple, imene inasiya kupangidwa mu 2018, ndi ya HFS+, ndipo Mac imaiwerenga.

Koma pali ena ouma mutu. QNAP imagwiritsa ntchito md ngati anzake, koma mavoliyumu ake otchedwa thick ndi thin amakhala pa LVM yosinthidwa ndi kampaniyo, imene Linux wamba kawirikawiri imaikana. Pamenepo bokosi lina la QNAP kapena pulogalamu yogula ndizo zothandiza. WD My Cloud Home imatseguka bwinobwino pa Linux, koma mukalowa mumapeza mafayilo ali ndi maina a manambala ndi zilembo zopanda tanthauzo. Maina enieni ndi mafoda amasungidwa padera mu database ya SQLite, ndipo pafunika kapulogalamu kolumikiza ziwirizi. WD My Book Live yakale imalemba ext4 ya mabuloko a 64 KB, aakulu kuposa amene Linux ya pa kompyuta wamba imayembekezera, kotero mount imakana ndipo pamafunika zida zina monga debugfs.

Drobo ndiye nkhani yachisoni. Mabokosi ake ankatchuka chifukwa ankalandira madisiki a misinkhu yosiyana popanda vuto, koma ankachita zimenezi ndi BeyondRAID, dongosolo lachinsinsi la kampaniyo. Mwini wake, StorCentric, anapempha chitetezo cha khoti chifukwa cha ngongole mu 2022, ndipo Drobo sipangidwanso. Linux siwerenga madisiki ake. Chotsala n'kusaka Drobo yogwiritsidwa kale ntchito ya mtundu wogwirizana, kapena pulogalamu yogula yodziwa BeyondRAID monga UFS Explorer. Amene muli ndi Drobo yamoyo lero, samutsani mafayilo ikadali kupuma.

Pamwamba pa zonsezi pali loko. Ngati munatseka foda kapena voliyumu ndi encryption, palibe njira pa zisanu zija imene ingatsegule popanda mawu achinsinsi kapena fayilo ya kiyi. Synology imatseka mafoda ndi eCryptfs, ndipo kuyambira DSM 7.2 ya 2023 imatsekanso voliyumu yonse ndi LUKS. Zonse ziwiri zimatseguka pa Linux, kiyi ikakhalapo. Ambiri amasunga fayilo ya kiyi mu NAS momwemo, ngati wotsekera makiyi m'galimoto. Ngakhale labu ya ku Johannesburg singakuthandizeni pamenepo.

Ndiye nditenge iti?

Ine ndimayamba ndi mita pa adaputa, nthawi zonse. Ikakhala yabwino ndipo madisiki akumveka athanzi, ndimapita ku Ubuntu, makamaka ngati ndi madisiki awiri a RAID 1 kapena SHR, amene ndiwo ambiri m'nyumba ndi m'maofesi ang'onoang'ono. Madisiki anayi kapena asanu a RAID 5 pa ofesi imene ikufunikabe NAS mawa lake, bokosi latsopano la kampani yomweyo limamveka, malinga mukopere kaye musanakonze kanthu. Pulogalamu yogula ndimaisungira QNAP, Drobo ndi amene anavomera kale kufomata. Labu ndi ya disiki yogogoda yokhala ndi zinthu zimene mtengo wake ukuposa wa ulendo wa ku Joni, ndipo zimenezo mwini wake yekha ndi amene angayeze.

Za mnzanga uja, adaputa tinaipeza yopsa, ndipo titabwereka ina bokosi silinadzukebe. Mphenzi inadutsira pa chingwe cha netiweki n'kupha bolodi. Madisiki anali awiri, RAID 1. Tinatenga nambala 2, imene laputopu ija inali isanaikhudze, n'kuiika mu desikitopu yakale ya kwa mlamu wake, nambala 1 tinaikulunga m'pepala n'kuitsekera m'kabati. RAID inadandaula kuti mnzake akusowa, tinaiuza kuti iyende yokha ndi --run. Foda yoyamba kukopera inali ya ukwati wa Loweruka uja, ndipo anaitumiza kwa eni ake madzulo omwewo. Zotsalazo zinayenda usiku wonse pa invertor, iye atagona pampando pafupi ndi sikirini.